Chumuni Chomwe Sichinali pa Malonda

Tsiku limene Corentin anafika pa yadi ya bambo Fernand, kunja kwa tauni ya Tournus, Oriane anali mbuu ndi fumbi la mwala kuyambira tsitsi mpaka nsapato. Pa yadipo ankagulitsa machumuni akale amwala, aja owothera moto pabalaza, ogumulidwa m'nyumba za makolo. Ntchito ya Oriane inali kuwatsuka, kuwakonza ndi kukawamanga m'nyumba za amene awagula.

Mnyamatayo anali wamtali, wajekete yoyera ngati wosadziwa kuti padziko pali fumbi. Anayendayenda, uku wagwira, uku wagogoda, mpaka anakafika pakona pomwe panali chumuni chofunditsidwa lona. Anavundukula osapempha n'komwe, ndipo anangoti kakasi.

Oriane anamuuza mwaulemu kuti chimenecho sichogulitsa.

"Chemwali, pa yadi ya malonda pangakhale chinthu chosagulitsa?"

"Zilipo ziwiri," anatero Oriane. "Icho, ndi ine."

Corentin anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kuseka kumeneko, abale inu, ndiye kunali kuyamba kwa tsoka.

Chumunicho chinali cha kwawo kwa Oriane. Bambo ake atamwalira, nyumba yapafamu inagulitsidwa, ndipo eni atsopano ankafuna kuchiphwanya kuti aikepo wailesi yakanema. Oriane anachigumula yekha, miyala khumi ndi umodzi, uliwonse akuulemba nambala ndi choko chofiira. Pa mwendo wakumanzere wa chumunicho panali timizere khumi ndi tiwiri. Chaka chilichonse, pa tsiku lake lobadwa, bambo ake ankamuimika pamenepo n'kukanda ndi mpeni pomwe mutu walekeza. Chimenecho n'chokhacho chomwe anatsala nacho cha bambo ake. Olemera a ku Paris anamunyengerera kwa zaka zisanu kuti awagulitse, koma Oriane ankangopukusa mutu.

Corentin anabweranso Lachisanu, atanyamula buledi wotentha ndi tchizi cha mkaka wa mbuzi. Anabweranso sabata inayo. Za chumuni sanatchulenso, ngakhale kamodzi. Posakhalitsa "inu" uja anasanduka "iwe", ndipo foni ya Oriane inayamba kulira m'thumba la ovolosi m'mawa uliwonse.

"Wadzuka bwanji, kanjiwa kanga kafumbi? Ine kuno tulo palibe."

"Manja ako okhakhalawo ndi amene ndikufuna adzanditseke maso ndikadzakalamba."

Mtsikana amene anakula akuuzidwa kuti manja ake ndi achimuna akanatani atamva mawu otere? Oriane anagwa m'chikondi chamutu, osasiyako ndi phazi lomwe kunja. Ankamwetulira yekha uku akukhula mwala.

Bambo Fernand, mkulu wa ndevu zoyera amene anamuphunzitsa ntchito, ankangoyang'ana chamumbali. Tsiku lina pa nkhomaliro anamuuza kuti pa zaka makumi anayi za malondawa sanaonepo munthu wokonda mwala akuuiwala chifukwa cha nkhope ya mkazi. Oriane anapsa mtima, nati akuluwo ndi nsanje chabe, ukalamba wawawumitsa mtima.

Mwezi wa Febuluwale Corentin anamutengera ku nyumba yakale yomwe ankakonzetsa kufupi ndi Cluny. Pabalaza panali khoma lalikulu lokhala ndi chibowo chakuda, pomwe kale panali chumuni. Anamugwira m'chiuno, naloza pamenepo.

"Iyi ndi nyumba yathu, mtima wanga. Ndikulonjeza, pano tidzakalambirana. Ana athu tidzawayeza pa mwala womwe uja bambo ako ankakuyezera iwe."

Sanapemphe chumunicho, ayi. Anachipereka yekha Oriane, misozi ili mbwembwembwe. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa.

Atamva, bambo Fernand anaika pansi nyundo. Anamukumbutsa lamulo lomwe aliyense wa ntchitoyi amalidziwa ngati dzina lake: chinthu ukachimata pakhoma ndi matope a laimu, chaleka kukhala chako, chasanduka mbali ya nyumba, ndipo mwini wake ndi mwini nyumbayo. Anamupempha kuti adikire ukwati, kapena apite kaye kwa olemba za malamulo akasainirane kapepala.

"Mwana wanga, dzina lako lili pa mapepala a nyumbayo?"

"Achikulire, chikondi sachita kusainira."

Mkuluyo anangomubwereka lole yonyamulira miyalayo.

Oriane anamanga chumunicho masiku atatu. Sanamangepo china chilichonse mwaluso chotero. Anakanda laimu wabwino kwambiri, nakhoma zitsulo zogwira miyala mkati mwenimweni mwa khoma, chifukwa ankati chimenechi sichidzasunthanso mpaka adzukulu. Atamaliza, munthu sakanadziwa kuti chabwera dzulo. Anauza Corentin kuti asayatsepo moto kwa masabata asanu ndi limodzi, laimu aume bwino. Corentin anamupsompsona pamphumi, nalumbira kuti moto woyamba adzayatsa awiri, tsiku la phwando lolowera m'nyumba.

Masabata aja anatha. Corentin anati denga likudontha, adikire pang'ono. Kenako anati makiyi ali ndi amisiri. Kenako anati ntchito yamupanikiza ku Lyon, komanso ndani amawotha moto nyengo yotentha? Mauthenga aja anayamba kufupika. "Kanjiwa kanga" anasanduka "ndikuimbira mawa", ndipo mawalo silinkafika. Oriane ankadziwa kuti zinthu sizili bwino, koma ankaopa kufunsa, poopa yankho. Kawiri konse anayendetsa galimoto mpaka ku nyumba ija, n'kupeza geti lokhoma ndi mawindo otseka. Ankadzitonthoza kuti munthu sangathawe nyumba yake.

Mwezi wa Sepitembala, Loweruka m'mawa, pa yadi panafika banja lina la ku Paris, bambo ndi mayi Delorme. Anati agula kumene nyumba yakumudzi, ndipo akufuna malangizo a kasamalidwe ka mwala. Mayiwo anali olankhula kwambiri. Anati nyumbayo anaigula chifukwa cha chinthu chimodzi chokha, ndipo anatulutsa foni kuti amuonetse Oriane.

Oriane anayang'ana chithunzicho. Chinali chumuni chake chija.

"Anatigulitsa bambo wina wansangala kwabasi, a Corentin, pamodzi ndi akazi awo," anapitiriza mayi Delorme. "Ntchito yawo ndi yomweyo, kukonza nyumba zakale n'kugulitsa. Akuti chumunichi chakhala pakhoma pamenepa zaka mazana atatu. Akazi awowo ndi oyembekezera, anthu abwino zedi."

Akazi awo! Oriane anapempha kuti amukhululukire pang'ono, napita kuseri kwa mulu wa miyala. Anaimbira foni Corentin. Nambala ija inali itatsekedwa. Anatsegula mauthenga akale, kufunafuna penapake pomwe panalembedwa kuti chumunicho wangobwereketsa. Anapeza uthenga wake womwe, wa tsiku lomwe anamaliza kumanga: "Tsopano ndi chako, wokondedwa, monga ine ndili wako."

Bambo Fernand anamupeza atakhala pansi pa fumbi. Sananene kuti ndinakuuza. Oriane anawafunsa ngati pali njira iliyonse, kaya kukhoti, kaya kuwagwadira eni atsopanowo. Mkuluyo anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali. Anati anthuwa agula mwachilungamo, sangalole kuchibweza. Ndipo ngakhale atalola, zitsulo zija anazikhoma mozama kwambiri, moti kuchichotsa n'kuchiswa.

"Unamanga bwino kwambiri, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Ndinakuphunzitsa ndine."

Oriane analira kwambiri. Sankalirira Corentin yekha. Ankalirira bambo ake, amene anawapereka ndi manja ake kwa wakuba, n'kumuthokoza pamwamba.

Koma makasitomala anali akudikirabe. Anasukusula pampopi, nabwerera. Mayi Delorme anakulitsa chithunzi chija ndi zala, naloza mwendo wakumanzere. Anati chomwe abwerera kwenikweni ndi timizere ito, takandidwa ndi mpeni, tikunyansitsa mwala wokongola. Kodi tingafufutike bwanji?

Oriane anawafunsa ngati sangangotisiya, poti mwala wakale umakoma ndi zipsera zake.

"Ayi, chemwali, alendo akubwera Loweruka likudzali ku phwando lolowera m'nyumba, tiyatsa moto woyamba. Kaya anali mwana wa ndani wowononga chonchi."

"Anali mwana wosamva," anatero Oriane.

Anatsegula kabati, natulutsa sandipepala wosalala kwambiri. Anawauza kuti asagwiritse makina, anyowetse mwalawo ndi madzi, azikhula pang'onopang'ono ndi dzanja. Anati ayambire kamzere kapamwamba, chifukwa kameneko n'kosazama. Amene anakakanda anali atadwala kale, dzanja linalibenso mphamvu.