Tawina ndi Chijasi cha Agogo

Uyu ndi Tawina. Tawina amakhala ku Biriwiri, kumapiri a ku Ntcheu. Tsiku lina Tawina ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti kamwana ka mbuzi yake kasafe.

Koma dikirani, ndiyambire poyambira.

Ku Biriwiri kumazizira, inu. Mwezi wa Juni ukafika, chifunga chimakuta mapiri kuti mbee. Zala zimauma gwa. Ngakhale agalu amakana kutuluka panja.

Tawina anali ndi agogo ake aamuna, a Silvester. Kalekale agogowa ankagwira ntchito kumigodi ku Joni. Pobwerera kumudzi anabwera ndi chijasi. Chinali chijasi chakuda. Chinali chachitali ndi cholemera. Chinali ndi matumba awiri akuluakulu.

Tsiku la msika agogo ankalawirira. Ankaotcha mbatata ya kachewere m'phulusa. Ankavala chijasi chawo. Mbatata ina ankaiponya thumba ili, ina thumba ilo. Kenako ankanyamuka ndi Tawina kupita ku Lizulu kukagulitsa kabichi.

Panjira Tawina ankazizidwa. Mano ankachita kugundana. Pamenepo agogo ankatsegula mbali imodzi ya chijasi. Tawina ankalowamo. Mmenemo munali mofunda bwino. Munkanunkhira utsi ndi mbatata yootcha.

"Kuzizira kwatha, Nangozo?" ankafunsa agogo. Nangozo linali dzina la mfunda la Tawina. Agogo ankakonda kumuitana choncho.

"Kwatha, agogo," ankayankha Tawina.

Agogo omwewa anam'patsa Tawina mbuzi. Dzina lake inali Mawanga.

"Mbuzi iyi ndi yako," anatero agogo. "Ikadzabereka, tidzaone limodzi mwana wake."

Koma agogo sanamuone mwanayo. Nthawi yokolola anadwala. Anadwala, nadwala. Kenako anamwalira.

Amayi a Tawina anatenga chijasi chija. Anachipachika pamsomali, kuseri kwa chitseko. Palibe ankachivala. Palibe ankachigwira. Tawina akamadutsa pamenepo ankayang'ana kumbali. Ankawasowa agogo ake kwambiri.

Ndiye linafika tsiku lija.

Unali m'mawa wa chisanu. Tawina anapita kukhola kukatsegulira mbuzi. Anaitana, "Mawanga, Mawanga." Koma kunali zii.

Mawanga anali gone pansi. Sankapuma. Pambali pake panali kamwana. Kanali kakang'ono. Kanali konyowa. Kankanjenjemera thupi lonse.

"Amayi, tabwerani," anaitana Tawina. "Mawanga sakudzuka."

Amayi anabwera akuthamanga. Anagwada m'kholamo. Anam'gwira Mawanga pakhosi. Anapukusa mutu.

"Pepa mwanangu," anatero amayi. "Mawanga watisiya. Wabereka yekhayekha m'chisanu muno."

Tawina analira. Analira misozi mpaka kuchibwano.

"Agogo anapita," anatero. "Mawanga wapitanso. Katsala ndi aka kokha."

Amayi anapisa chala m'kamwa mwa kamwanako.

"M'kamwa mukuzizira," anatero. "Kozizira chonchi sikangayamwe. Kafunde kaye. Kakapanda kufunda, sikafika masana."

"Ndiye titani, amayi?"

"Ine ndithamangire kutsidya kwa amake Yankho. Mbuzi yawo ili ndi mkaka. Iwe lowa nako m'nyumba. Ukakapukute. Ukakafunditse. Koma usakayandikize kumoto, kangapse."

Amayi anapita. Chifunga chinawameza. Tawina anatsala yekha ndi kamwana.

Anakanyamula ndi manja awiri. Analowa nako m'nyumba. Anakapukuta ndi chitenje chakale. Anapukuta mutu. Anapukuta msana. Anapukuta timiyendo tonse.

"Usafe," anatero Tawina. "Chonde, usafe."

Anayang'ana pokagoneka. Anaona beseni la chitsulo, losambira lija. Anakagoneka mmenemo kuti kasagubuduke.

Aa, Tawina, m'beseni la chitsulo mwezi wa Juni? Kamwana kananjenjemera kuposa kale.

Tawina anagwira mlomo wa beseni. Linamuluma zala ndi kuzizira. Anakanyamula kamwana. Anagwira pamene kanagona. Pamenepo pokha panali pofundako pang'ono.

"Iwe beseni, ndiwe wakuba," anatero Tawina. "Kutentha kwake n'kochepa kale. Iwe ukukalandanso."

Chitsulo n'chotero. Chimakoka kutentha msangamsanga, ndipo sichichita manyazi. Tawina analikankhira beseni pakona ndi phazi.

"Usafe," anatero. "Chonde, usafe."

Kenako anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana kuseri kwa chitseko. Chijasi chinali pomwepo, pamsomali. Kuyambira tsiku la maliro anali asanachigwirepo.

Anakoka kampando. Anakwerapo. Anachitsitsa chijasi. Kulemera kwake, chinatsala pang'ono kum'gwetsa.

"Chijasi cha agogo n'chofunda," anauza kamwana. "Ine ndikuchidziwa. Ndinkalowamo."

Anayala chijasi pamphasa. Anakagoneka kamwana pakati. Anakakulunga bwinobwino. Anakhala pansi n'kudikira.

Anadikira.

Anadikiranso.

Kenako anavundukula kuti aone. Kamwana kanali katasiya kunjenjemera. Koma sikanali bwino ayi. Kanali phee. Maso kanatsinzina. Kamutu kanali lende. Kankapuma pang'onong'ono, movutikira.

Tawina anapisa dzanja m'chijasi. Munali mozizira. Anapisa m'thumba ili. Mozizira. Anapisa m'thumba ilo. Mozizira. Anangopezamo kakhoko kouma ka mbatata.

"Chijasi nachonso chafa," anatero Tawina. "Agogo, mwapita nako kufunda konse?"



Tawina anakumbatira mkono wa chijasi. Anabisa nkhope yake mmenemo. Munkamvekabe kafungo ka utsi. Analira. Analirira agogo. Analirira Mawanga. Analirira kamwana komwe kanalibe ndi dzina lomwe.

Atatopa, anadzutsa mutu. Anagwira pamene panali tsaya lake. Anadabwa. Anagwiranso.

Pamenepo panali pofunda.

Anagwira mkono wina wa chijasi. Wozizira. Anabwerera pamene analirira paja. Pofunda.

"Apa wafunditsa ndani?" anadzifunsa. Anagwira tsaya lake. Linali lotentha. "Ndine. Ndafunditsa ndine."

Tawina anakumbukira njira ya ku Lizulu. Anakumbukira nthiti za agogo, mmene ankatsamira. Anakumbukira dzanja lawo paphewa pake.

"Sichinali chijasi," anatero motsitsa. "Anali agogo. Chijasi chinkangosunga."

Eetu. Chijasi chilibe moto. Bulangete lilibe moto. Izi zimangotsekera kutentha kuti kusathawe. Koma kamwana kaja kanalibe kutentha kosunga. Kankafunika wina wokapatsa.

Tawina sanachedwe. Anavala chijasi. Chinam'meza yense. Manja sankaoneka. Kumunsi chinkakwekwerera pansi. Anakhala pamphasa. Anakweza juzi yake. Anakagoneka kamwana pamimba pake penipeni, khungu kukhungu. Kenako anatseka chijasi.

Mayo, kuzizira kwake! Kanali ngati mwala wa mumtsinje. Tawina anadzidzimuka. Anafuna kukachotsa. Koma analuma mano. Anakakumbatira zolimba.

"Tenga kwanga," anatero. "Ine ndili nako. Tenga."

Kutentha kunayamba kuyenda. Kunachoka mwa Tawina. Kunalowa mwa kamwana. Kutentha kumayenda choncho masiku onse. Kumachoka pofunda, kumapita pozizira.

Posakhalitsa Tawina nayenso anayamba kunjenjemera. Mimba inazizira. Mano anayamba kugundana. Koma sanakasiye.

Chitseko chinatseguka. Anali amayi. Anaima pakhomo, osalowa. Anaona chijasi cha bambo awo chitakhala tsonga pamphasa. Pamwamba pake panatulukira kamutu ka Tawina. Amayi anagwira pakamwa. Misozi inalengeza.

"Pepani amayi," anatero Tawina. "Ndachitsitsa osapempha."

"Wachita bwino, mwanangu. Kamwana kali kuti?"

"Kali pamimba panga. Chijasi chokha chinakanika. Ndikukapatsa kutentha kwanga." Tawina ananjenjemera. "Koma kwanga kukutha, amayi. M'matumba mulibe kanthu."

Amayi anamva. Sanafunsenso. Anathamangira kukhitchini. M'mawa uja anali atakwirira mbatata m'phulusa, za kadzutsa. Anazifukula ndi kamtengo. Zinali zamoto. Anazikulunga m'tinsanza kuti zisamuotche mwana. Anabwera nazo.

Ina anaiponya thumba ili. Ina thumba ilo.

Ndiye taonani ulendo wa kutentha. Moto unapatsa phulusa. Phulusa linapatsa mbatata. Mbatata inapatsa thumba. Thumba linapatsa Tawina. Tawina anapatsa kamwana. Ndipo chijasi chinatseka njira, kuti chisanu chisabe kanthu.

Amayi anakhala pansi pafupi ndi Tawina. M'nyumba munayamba kununkhira mbatata yootcha. Fungo lake linali la tsiku la msika. Amayi anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Kakupuma?" anafunsa amayi.

"Kakupuma pang'ono."

Anadikira.

"Nanga pano?"

"Sindikudziwa, amayi. Ndikuopa kuyang'ana."

Anadikiranso. Kunja chifunga chinayamba kupepuka.

Mwadzidzidzi Tawina anatong'ola maso.

"Amayi, kandiponda."

"Wati chiyani?"

"Kandiponda pamchombo."

M'chijasi munagwedezeka. Pakati pa mabatani panatuluka kamphuno. Panatuluka khutu limodzi. Kenako kunamveka kamawu kakang'ono.

"Mee."

Amayi anapisa chala m'kamwa mwake. M'kamwa munali mofunda. Kamwana kanayamba kuyamwa chalacho.

"Odi kuno," anatero munthu panja. Anali amake Yankho. Ankakoka mbuzi yawo ndi chingwe. Mbuziyo inkakana njira yonse. "Iyi ndi ya makani ngati mwini wake," anatero akupuma wefuwefu. "Kamwanako kalipo?"

"Kalipo," anayankha Tawina.

Anatuluka nako pakhonde. Amake Yankho anagwira mbuzi nyanga. Amayi anaigwira miyendo. Tawina anayandikiza kamwana kubere. Kanaphonya. Kanaphonyanso. Kachitatu kanagwira. Kanayamwa, n'kuyamwa, kamchira kali pukupuku.

Tawina anaseka. Misozi inali isanaume, koma anaseka.

"Kakufunika dzina," anatero amake Yankho.

"Dzina lake ndi Kajasi," anatero Tawina.

Kajasi atakhuta, Tawina anam'bwezera m'chijasi. Anayang'ana kukhola. Mawanga sanadzukenso. Agogo nawo sadzabweranso. Izi Tawina ankazidziwa, ndipo zinkamuwawabe.

Kenako anayang'ana amayi. Amayi anali atathamanga m'mame opanda juzi. Chitenje chawo chinali chonyowa. Anakhala pakhonde atapinda manja, akunjenjemera. Nawonso anali mwana wa agogo. Nawonso ankawasowa.

Tawina anasendera pafupi. Anatsegula mbali imodzi ya chijasi.

"Lowani, amayi."

Amayi analowa. Chijasi chinawakwana onse atatu, amayi, Tawina ndi Kajasi. Ananyema mbatata imodzi n'kugawana. Inali idakali yofunda.

Tawina anaika dzanja paphewa la amayi.

"Kuzizira kwatha?" anafunsa.

Amayi anam'kumbatira. Kenako anayankha.

"Kwatha, Nangozo."

Kuyambira tsiku limenelo, msomali wa kuseri kwa chitseko unakhala wopanda kanthu.