Nyimbo ya Khumi ya a Nevo

Nkhani iyi sindinachite kumva kwa munthu. Ndinalipo ndekha, ndipo ena asanu ndi awiri analipo, ambiri a iwo adakali konkuno ku Doha. Wokayika akafunse Walije ku Al Mansoura, mayi amene sanama ngakhale pofuna tchuthi kuntchito. Ine ndine Macfussy, ndimayendetsa basi ya kampani ina yoyeretsa m'mahotela, ndipo za mizimu ndinkaziseka kuyambira ndili mwana.

Amene inamugwera nkhaniyi ndi Callista, mlongo wathu wa ku Ntcheu. Anagwira ntchito ya m'nyumba zaka zinayi ku Bin Mahmoud, kwa mzungu wa ku England dzina lake Neville Ashdown. Ife tinkangoti a Nevo. Anali injiniya wa mapaipi a madzi, munthu wachikulire, wopanda mkazi, wopanda mwana, wopanda ngakhale mphaka. Chuma chawo chinali zimbale. Khoma lonse la pabalaza linali ma CD okhaokha, nyimbo za magitala za anyamata a kwawo a m'zaka za m'ma 1990, magulu amene ngakhale azungu anzawo sankawadziwa.

Lachisanu lililonse m'mawa, Callista akusita asanapite kokapuma, a Nevo ankasolola chimbale chimodzi n'kuchipukuta ndi malaya awo.

"Callista, tamvera ichi," ankatero m'Chingerezi chawo cha m'mphuno. "Awa anagulitsa mazana atatu okha. Woyimbayu pano amayendetsa lole. Koma tamva gitalayo!"

Callista ankangoti "Yes, boss," uku akutembenuza kolala. Kwa ife ankabwera kudzadandaula. "Achimwene, nyimbo zake zosavinika n'komwe. Munthu kumayimba ngati amubera nkhuku!" Komabe akatha kuseka ankanena kuti bambo aja ankamumvetsa chisoni, chifukwa ankasamala zimbale zimene dziko lonse linataya ngati munthu wolera ana amasiye.

Pansi pa shelefu panali katoni ya ma CD makumi anayi ofanana, ambiri osatsegula. Pachikuto panali anyamata anayi atayima pamvula, pamalo odikirira basi. Wa tsitsi lofika m'mapewa anali a Nevo. Gulu lawo linkatchedwa The Drowsy Ferrymen, ndipo linatulutsa chimbale chimodzi chokha mu 1994, cha nyimbo khumi. Zisanu ndi zinayi anayimba a Nevo. Ya khumi anayimba mng'ono wawo Colin, amene ankawomba ng'oma. Colin anafa pangozi ya galimoto sabata imene chimbalecho chinatuluka, gulu linathera pomwepo, ndipo ma CD anatsala m'makatoni.

Chimbale chimenechi ndicho ankatsekera nacho Lachisanu lililonse, dzuwa likafika pamutu. Ankamvetsera zisanu ndi zinayi zonse. Ya khumi imayamba ndi timitengo ta ng'oma tikugundana kanayi, kenako mawu a Colin akuwerenga kuti one, two, three, four. Akafika pa four, a Nevo ankadina batani n'kuzimitsa. Zaka zinayi, Callista sanamvepo chimene chimabwera pambuyo pake.

Chaka chatha mtima unawagwetsa. Callista anapita kukawaona kuchipatala, ndipo a Nevo anamugwira dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Nyimbo ya khumi ija ine ndalephera," anatero. "Zaka makumi atatu. Udzandimverere iweyo, mpaka kumapeto. Usadzakhale wekha, udzaitane anthu, ngakhale asanu. Colin sanayimbirepo anthu nyimbo imeneyo."

"Ndalonjeza, bwana," anayankha Callista.

A Nevo anamwalira Lachiwiri. Thupi linakwera ndege Loweruka. Panalibe siwa, panalibe nyimbo, panalibe woti n'kumupepesa. Kwathu ngakhale munthu amene anakangana ndi mudzi wonse amamugonera ndithu, koma a Nevo anachoka ngati katundu wa pa positi. Wachibale wina analemba kuti za m'nyumba zitayidwe. Anthu onyamula katundu anabwera masana amodzi, khoma lonse lija linalowa m'mapepala akuda a zinyalala, pamodzi ndi wailesi yake. Callista anangopulumutsa katoni ija.

Anapeza ntchito pakampani yathu, n'kusamukira ku Al Mansoura, m'chipinda chimodzi ndi Walije ndi Sakina, pansanjika yachitatu. Lonjezo sanaliiwale. Koma masiku ano ndani ali ndi choyimbira CD? Onse tili pa foni. Ankati afunsafunsa, ntchito n'kumuthyola msana, mwezi n'kutha, wina n'kubwera. Katoni inalowa pansi pa bedi.

Tsono pakhonde pawo panali vuto la nkhunda. Ukayanika yunifolomu m'mawa, madzulo ukaipeza yolembedwa. Walije anaona kuti anthu a m'nyumba yoyang'anana ndi yawo amapachika ma CD pa ulusi kuti kung'anima kwake kuziopseze mbalame.

"Asisi, si muli nawo forte pansi pa bedi? Tibwerekeni ten basi," anatero.

Callista anazengereza, koma nayenso anali atatopa ndi kuchapa kawiri. Anatulutsa khumi, n'kuwamangirira pachingwe choyanikira. Sindimuweruza. Inenso ndikanachita zomwezo.

Anthu amaganiza kuti mizimu imakonda usiku. Mwina kwathu. Ku Doha usiku kumawala kuposa masana, ndipo magalimoto sagona. Bata lenileni limabwera Lachisanu masana, anthu akalowa mumzikiti. Mashopu amatseka zitseko zachitsulo, msewu umakhala mbee, dzuwa limamenya pansi mpaka phula kununkha. Umangomva makina oziziritsa m'nyumba akung'ung'udza.

Lachisanu loyamba anamva ndi Sakina yekha. Timitengo tiwiri tikugundana pakhonde, kanayi. Anaganiza kuti ndi ma CD akumenyana ndi mphepo. Lachisanu lachiwiri anamva onse atatu, ndipo pambuyo pa timitengo panabwera mawu. Lachisanu lachitatu anandiyimbira foni, chifukwa basi yanga ndimaiimika pafupi ndi kwawo ndikakhala pa off.

Ndinakwera masitepe ndikuseka. "Azimayi atatu akuluakulu kuopa nkhunda?"

Walije anangondilozera chitseko cha galasi chotulukira pakhonde.

Nkhunda zinalipo, zoposa makumi awiri. Zinali zitandanda pachitsulo cha khonde, zonse zitayang'ana m'chipinda. Palibe inalira. Palibe inadzikanda. Pamwamba pawo ma CD khumi aja ankazungulira pang'onopang'ono, onse mbali imodzi, koma mpango wa Sakina umene unali pachingwe chomwecho sunkagwedera.

Kenako fungo. Fungo la mvula. Osati lija la dothi la kwathu mvula yoyamba ikagwa, koma la jekete lonyowa limene munthu walowa nalo m'nyumba. Unali mwezi wa Ogasiti. Kunja kunkatentha ngati mu uvuni.

"Zayamba," ananong'ona Sakina.

Timitengo tinagundana. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Kanayi.

Mawu a mnyamata, apafupi, ngati ali kuseri kwa galasi.

"One, two, three, four."

Kenako zii.

Sindinamvepo chete wolemera ngati ameneyo. Anali chete wa munthu amene wakoka mpweya kuti ayimbe, wina n'kumutseka pakamwa. Tinadikira. Palibe chinabwera. Ma CD anaima onse nthawi imodzi.

Ndinakhala pabedi la eni ake osapempha.

"Khalas, zakwana, ine sindingathe," anatero Sakina. "Katoni imeneyo ipite ku bin lero lomwe."

"Ayi," anatero Callista. Misozi inali ikutsika. "Si iwowo olakwa. Ndine. Ndinalonjeza munthu ali pabedi la imfa, ine n'kutenga nyimbo za mng'ono wawo kumaopsezera nkhunda."

Anatifotokozera zonse zimene ndakuuzanizi. Akulankhula, ndinakumbukira kuti basi yanga ndi yakalekale, ndipo pamwamba pa wailesi yake pali kampata kolowetsera CD kamene ndinkasungamo risiti ya mafuta.

Walije ndi amene ananena kuti tisangoyimba chimbale ngati tili pa pikiniki. "Bambo aja sanawalire munthu. Tichite mwa maliro."

Lachisanu lotsatira tinakumana m'basi, anthu asanu ndi atatu. Azimayi anamanga zitenje ndi mipango, n'kukhala mbali imodzi, ife amuna mbali inayo. Mipando yakumbuyo inatsala yopanda munthu. A Chiza, mlonda wa pahotela amenenso ndi mkulu wa mpingo, anatsegula ndi pemphero. Callista anaimirira kunena mbiri ya malemu. Sinali yaitali. Anati ankakonda tiyi wopanda shuga, sanamukalipirepo, ndipo m'zaka zinayi anaphunzira liwu limodzi lokha la Chichewa. Ma CD a pakhonde anali atawamasula, n'kuwatsuka, n'kuwabwezera m'zikuto zawo. Anandipatsa imodzi yosatsegula. Ndinang'amba pepala, n'kuilowetsa.

Kunena zoona, nyimbo zija n'zosavinika. Koma titakhala chete ngati pa siwa, ndinayamba kuzimva. Magitala ankalira mopyapyala, a Nevo wachinyamata akuyimba ngati munthu amene akuopa kudzutsa oyandikana nawo. Pa nyimbo yachinayi ndinapeza phazi langa likugunda pansi. Ndinamva chisoni kuti anyamata anayi anaika mtima wawo wonse m'kanthu aka, dziko n'kungodutsa osacheuka. Ifenso kuno timadziwa kugwira ntchito imene palibe amaiona.

Yachisanu ndi chinayi inatha. Kunja msewu unali mbee. Pagalasi la wailesi panalembedwa 10.

Fungo la jekete lonyowa linadzaza basi.

Timitengo tinagundana kanayi.

"One, two, three, four."

Dzanja langa linanyamuka lokha. Ndikulumbira, sindinalitume. Chala chinali chitafika pa batani lozimitsira pamene Callista anandigwira pamkono.

"Musazimitse, achimwene," ananong'ona. Kenako, akuyang'ana kumbuyo kwa basi: "Bwana, isiyeni. Tilipo."

Dzanja linafewa, n'kugwera pabondo.

Nyimbo inayamba. Inalibe ng'oma n'komwe, gitala imodzi basi, ndi mawu a mnyamata amene ankamveka kuti sanazolowere kuyimba yekha. Penapake ankaphonya, n'kupitiriza. A Chiza, amene amamva bwino Chingerezi cha azungu, anatiuza pambuyo pake kuti inkanena za mnyamata amene wakwera basi msanga, n'kusungira mkulu wake malo pafupi ndi zenera. Ife sitinamve mawu onse, koma Walije ankalira mosabisa. Mawindo anachita nthunzi mkati, madontho akutsetsereka. Palibe anacheuka kumbuyo.

Itatha, tinasowa chochita. Pamaliro sawomba m'manja. Koma Callista anagwada pakati pa mipando, n'kuwomba m'manja mofumbata, pang'onopang'ono, monga timachitira pothokoza akuluakulu. Tonse tinamutsatira.

Ndinatambasula dzanja kuti nditulutse CD. Pagalasi panalembedwa 11.

Poyamba kunali mpweya chabe. Kenako mawu a munthu wokalamba, osasa, akung'ung'udza kanyimbo mophonyaphonya. Callista anagwira pakamwa. Inali nyimbo ya kwaya ya kwawo ku Ntcheu, imene iye ankang'ung'udza posita.

Mawuwo anasiya.

"Zikomo, Callista."

Chapatali pang'ono, mnyamata anaseka.

CD inatuluka yokha.

Kuyambira tsiku limenelo pakhonde pa Al Mansoura sipanamvekenso kanthu, ndipo nkhunda zinabwerera ku khalidwe lawo lakale. A Chiza amati magulu a nthawi imeneyo ankakonda kubisa nyimbo kumapeto kwa chimbale. Mwina. Koma mu 1994 Callista anali asanabadwe. Tayesa ma CD onse makumi anayi m'basi momwemo, kuphatikizapo yomwe ija, ndipo onse amathera pa 10. Callista anatigawira imodzi imodzi monga amagawira zovala za malemu, ndipo yanga imakhala mu wailesi ya basi. Anzanga a ku Nepal ndi ku Uganda amene ndimawanyamula m'mawa ayamba kuidziwa nyimbo yachinayi.

Pali chimodzi chimene ndinangouza Callista yekha. Tsiku lija anthu atatsika, ndinayenda mpaka kumbuyo kukaona ngati wina waiwala kanthu. Mipando yonse inali youma, kupatula iwiri ya kumapeto, yoyandikana. Inali yonyowa, ngati pakhala anthu ochokera pamvula. Ndinagwira wa pazenera. Unali wofunda.