Galimoto ya Malemu a Goodson

Anthu akamandifunsa chimene chinalekanitsa achimwene anga a Elliot ndi akazi awo, ndimangoti, "Sanamvane." Yankho limeneli limandithandiza kuchoka pamalopo msanga. Koma lero ndinena momwe zinakhalira. Ine Enid ndinaziona ndi maso angawa, ndipo a Raphael, amene ankayendetsa galimoto yomwe ndinakwera tsiku la ukwati wawo, akadali moyo pa Bvumbwe. Mukawapeza asanalawe, kawafunseni.

A Elliot anabwera ku Thyolo kudzakhala manejala wa minda pa esiteti ina ya tiyi. Ine ndinawatsatira nditapeza malo ophunzitsa pa sukulu yapafupi, ndipo tinkakhala nyumba imodzi ya kampani. Tonse tinakulira mu Lilongwe, ana a m'tauni odziwa maliro ngati malo okaonekera n'kubwerako. Achimwenewo ndi munthu wamtima wabwino, koma okonda zooneka. Nsapato ikangothimbirira pang'ono, tsiku lawo lonse lawonongeka.

Kenako anapeza Tamando, namwino wa pa kiliniki ya esiteti, kwawo ku Goliati. Mtsikana wanthabwala, wolankhula ngati wailesi, woti akakuseka iwenso umayamba kudziseka. Ndinayamba kumuitana mlamu asanafunsiridwe n'komwe. Tsiku la ukwati litadziwika, achimwene anagwidwa ndi matenda amodzi: ankafuna kuti mkwatibwi wawo adzachoke ku tchalitchi pa galimoto yomwe Thyolo yonse idzaikambe.

Galimoto yoteroyo inalipo. Inali ya a Goodson, mkulu amene anayendetsa bwana wachizungu pa esitetiyo zaka zambiri, ndipo bwanayo pobwerera kwawo anawasiyira. Yakalekale, yobiriwira, ya mipando iwiri yokha, denga lake la tenti lopindira kumbuyo. Lamulungu lililonse a Goodson ankapinda dengalo, n'kukweza akazi awo, mayi Teleza, kumpando wa kumanzere, ulendo wa ku tchalitchi pa Boma. Pampando umenewo sipanakhalepo munthu wina, ngakhale ana awo. A Goodson anamwalira nthawi ya dzinja, galimoto n'kutsala m'chishedi kuseri kwa nyumba.

Tsiku lokagula ndinapita nawo. Tinapeza mayi Teleza atakhala pamphasa, mpango wakuda kumutu. Anavomera msanga, mwina poopa kuti abale a malemu adzangoitenga. Koma tikutsanzika anawaitananso achimwene.

"Bambo, pali chimodzi. Ine sanandisudzule. Tsiku lodzandisudzula mudzabwere nayo galimotoyi, idzaime pakhomo pano."

"Idzatani, mayi?"

"Pouza malemu kuti katundu wawo wapita kwakutikwakuti, iyinso adzaitchule. Akapanda kumva, aziti idakali yawo."

Kusudzula ndi mwambo umene abale a mwamuna amachita pomasula mkazi wamasiye. Amawauza malemu kuti banja latha ndipo katundu wagawidwa, mkaziyo n'kuvula zakuda, n'kumapita kwawo. Achimwene anavomera ndi mutu, koma maso awo anali pa matayala.

Uthenga wa tsikulo unabweradi, ukwati uli pafupi. Apa n'kuti galimoto ija yapentedwanso ku Limbe, ikuwala moti ana ankadziyang'anirapo nkhope.

"Ndikapita nayo kumeneko ikuoneka chonchi, abale aja akayamba zoti mayi aja analibe mphamvu zogulitsa," anatero achimwene. "Ndiye Tamando ndidzamutengera pa chiyani, pa thirakitala?"

Sanapite. Anangotumiza shuga ndi chitenje. Zimandiwawa mpaka lero, chifukwa kumudziko kunali pafupi, kongotsika phiri n'kuwoloka kamlatho.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinali kuseri, ndikuanula zovala. Dzuwa linali litangolowa, achule atayamba kulira kudamu. Ndinamva fungo la fodya wa m'kaliwo. Pakhomo pathu panalibe wosuta. Fungolo linkachokera ku galaja.

Kenako hutala inalira. Kawiri, mofatsa, ngati mwamuna akuitana mkazi amene akuchedwa kuvala.

Achule anakhala chete.

Ndinathawira m'nyumba zovala zili m'manja. Achimwene anali pa sofa, makiyi ali patebulo. "Ndi mawaya amenewo," anatero. "Galimoto zakale zimatero." M'mawa mwake tinapeza chitseko cha kumanzere chili chotsegula.

Loweruka la ukwati kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inaphimba minda yonse, mvula yowaza ikulowa mpaka m'mafupa. Aliyense anawauza achimwene kuti atseke denga, koma iwo anati galimoto yotere sakwera atatseka. Ku tchalitchi zonse zinayenda bwino. Tamando anaseka polumbira, abusa nawo n'kuseka. Potuluka, achimwene anamutsegulira chitseko cha kumanzere, iye n'kukhala, atasonkhanitsa diresi pamiyendo. Anandikodola n'kunena kuti, "Mlamu, ndikadwala chimfine mudzandibaya ndinu jakisoni."

Amenewo ndi mawu omaliza amene ndinamva kwa Tamando amene ndinkamudziwa.

Mdipiti unanyamuka kupita ku holo ya esiteti. Iwo patsogolo, ife ndi a Raphael pambuyo pawo, kenako lole ya amayi oimba. Msewu unali wofiira, woterera, tiyi uku ndi uku. Sitinkaona patali, nyali zawo zakumbuyo zokha.

Pamphambano ya kanjira kotsikira kumudzi kwa a Goodson, galimoto yawo inaima. Injini inazima.

Amayi a mu lole anasiya nyimbo pakati. Palibe anawauza.

Ine ndi a Raphael tinatsika. Kunali zii. Madzi okha akudontha m'masamba a tiyi. Tisanafike n'komwe, fungo lija linatipeza. A Raphael anandigwira mkono.

"Achemwali, mukumva?"

Achimwene anali atakweza manja m'mwamba. Chiwongolero chinkatembenuka chokha, pang'onopang'ono, kuloza kanjira kaja. Tamando anali atakhala mowongoka, velo itanyowa, itamatirira kumaso. Ankayang'ana kumene kunali achimwene, koma osati iwo. Maso ake anali pamwamba pang'ono pa phewa lawo.

"Mlamu?" ndinamuitana.

"Akufunsa kuti ndachedwerenji."

"Ndani?"

"Abambo akunyumba. Akuti tizipita, kwazizira."

Achimwene anamugwira dzanja. "Tamando, ndine. Ndili pano."

Anachotsa dzanja lake mwaulemu, monga mmene mkazi wa mwini amachitira mlendo akapyola malire. Nthawi yomweyo injini inalira yokha. A Raphael akuti iwo anaona mpando wa woyendetsa ukutsika ngati pakhalanso munthu wina. Ine zimenezo sindinaone, ndipo sindingawonjezere.

Tinafikabe ku holo, koma Tamando sanavine. Anthu ankati mkwatibwi ali ndi manyazi, ena n'kumamuyamikira.

Kunyumba anakana kulowa kuchipinda. Anayala mphasa pabalaza n'kugona pansi. Anasiya kudzola mafuta, ngati mkazi wamasiye. Akaphika ankandiitana kuti ndidzathire mchere, ati iye saloledwa. Chodabwitsa n'chakuti ku kiliniki ankagwira ntchito bwinobwino, odwala osaona kanthu. Akangofika pakhomo, mutu pansi. Madokotala a ku Blantyre anamupima osapeza vuto. Abusa anabwera, anapemphera mpaka mawu kuwathera, iye akuvomera "Amen" pamodzi ndi ife. Tsiku lina ndinamupeza akudula nsalu yakuda.

Achimwene anatha thupi. Munthu uja wokonda kuwala anayamba kupita ku ntchito ndevu zili nyankhalala. Pomaliza anaitenga galimoto ija, ine ndikuwatsatira pa njinga yamoto ya kabaza, chifukwa mpando uja sindikanaukhala ngakhale mutandimanga. Tinapeza nyumba ya a Goodson yotseka. Mayi Teleza anali atapita kale kwawo, kutsidya kwa malire, ndipo palibe ankadziwa bwino mudzi wake. Anatilandira a Fabiano, akulu awo a malemu. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Mwambo tinamaliza, bambo. Mayi aja tinawamasula, malemu tinawauza zonse. Galimoto tinaidikira mpaka dzuwa kupendeka. Chinthu chimene palibe sitichitchula."

"Ndiye ndabwera nayo. Chitaninso, chonde. Chilichonse chofunika ndipereka."

"Sizichitika kawiri."

"Nanga mkazi wanga?"

A Fabiano anafunsa kuti, "Mkazi wanuyo timusudzula bwanji, poti ife sitinamukwatire?"

Galimoto anaikananso. Achimwene anaisiya pansi pa mtengo wa bulugama, m'mbali mwa kanjira kaja, makiyi ali momwemo. Ili pompo mpaka pano. Kudera kumene anthu amazula ngakhale mawaya a mpanda, iyo palibe wachotsapo ndi nati yomwe.

Makolo a Tamando anadzamutenga kuti akapumeko kwawo. Kupumako kwakhala zaka tsopano. Abale athu a ku Lilongwe amawauza achimwene kuti akathetse ukwati ku khoti, apeze wina, nthawi ikupita. Iwo safuna. Mwezi ukatha amapita ku Goliati ndi thumba la zinthu, ndipo ulendo wapitawu anandipempha kuti ndiwaperekeze.

Tamando anatuluka m'nyumba, mpango wakuda kumutu. Anagwada patali n'kutilonjera. Thupi lake linali bwino. Anandifunsa za ana a sukulu, ndipo nditamuuza za mmodzi amene anagona m'kalasi mpaka anzake kuweruka, anaseka kuseka kwake kuja. Ndinaona achimwene akusendera kutsogolo pampando.

"Tamando," anatero motsitsa mawu, "tiye kwathu."

Kuseka kuja kunatha. Anakonza mpango wake, n'kupinda manja pamiyendo.

"Pepani bambo. Ndinu munthu wabwino, ndipo ndimaona mmene mukuvutikira. Koma dikirani kaye andisudzule."

"Akusudzule ndani? Mwamuna wako ndine. Ndili moyo."

Anawayang'ana mwachisoni, monga mmene ankayang'anira wodwala amene sakumvetsa zimene wauzidwa. Amayi ake analowa m'nyumba kukalirira komweko.

Pobwerera tinayenda mpaka pa siteji. Tikudikira minibasi, achimwene anandifunsa ngati ndikuganiza kuti mwezi wamawa adzamutengere nsapato kapena bulangete, poti kuzizira kwayamba.

Ndinati bulangete.