Kadiso Kotseka Pansi pa Maluwa

Tsiku loyamba pantchito, pakampani ina yokonza masamba a pa intaneti, mtsikana wina ankalimbana ndi mausi ya kompyuta, iyo n'kumangoterereka. Ntchito yake inali yodula zithunzi. Wojambula wa pakampanipo ankakonza tsamba lonse la pa intaneti m'magawo osanjikizana, iyeyo n'kumadula batani palokha, chizindikiro pachokha, duwa palokha, kuti tsamba lizitseguka msanga.

Wojambulayo anaima kumbuyo kwa mpando wake.

"Asisi, kudula kwabwino chonchi? Mwadula ndi mtima wanga womwe. Kuyambira lero ndinu Kalumo."

"Ndili ndi mwana," anayankha mtsikanayo osacheuka. Ankadziwa kuti amuna akamva mawu amenewo amakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kopita. Bambo wa mwanayo naye anathawa mimba isanaoneke n'komwe.

"Ndiye kuti ndapata awiri!" anatero wojambula akuseka.

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula.

"Kalumo wanga, wadya? Nanga mwana wathu chifuwa chija chatha?"

Mwana wathu! Kalumo anawerenga mawuwo mpaka foni inatentha m'manja. Komabe mtima sunkakhala pansi. Chikondi chokoma chonchi chingamugwere iyeyo? Anazengereza miyezi asanamulowetse m'kachipinda kake ka lendi. Atalowa, mwana anamukakamira mwendo, ndipo posakhalitsa anayamba kumuitana kuti adadi.

"Usamuzoloweze ngati sukhalitsa," Kalumo anachonderera. "Ine ndingapirire. Uyu ayi."

"Duwa langa, ndikadzakusiya dzuwa lidzatulukira kumadzulo."

Tsiku lina masana, bwana atatuluka, wojambula anamutumizira fayilo n'kudzamunong'oneza.

"Ndithandizeko, msuweni wanga akukwatira. Ili ndi tsamba la ukwati wake. Udule maluwa, mafelemu ndi mabatani basi. Zithunzi ndi mayina ndikaika ndekha."

"Ndiye wathu udzakhala liti?"

"Ukubwera, mayi wa panyumba. Uwu ndi wophunzirirapo chabe."

Tsambalo linali lokongola. Maluwa oyera, zilembo zagolide, pakati pali bokosi lotuwa, malo a chithunzi. Koma Kalumo ndi munthu woti akakhoma chitseko amabwerera kukachigwedeza. Asanadule chilichonse ankayamba wayendera magawo onse. Gawo lililonse limakhala ndi kadiso pambali, ndipo kadiso kakatsekedwa, gawolo limabisika. Iye ankatsegula tonse, kuopa kusiya kanthu kofunika n'kudzakalipiridwa.

Pansi penipeni, kunsi kwa maluwa, panali kadiso kotseka. Anakadina.

Bokosi lotuwa lija linadzaza. Wojambula, atavala suti, akumwetulira. Patsogolo pake panali mkazi wachilendo, wa pakati, ndipo manja a wojambula anali atakumbatira mimbayo. Tsiku la ukwati linali mwezi womwewo.

Kalumo anatseka kadiso. Anakatsegulanso. Mwina maso ake? Mwina kompyuta? Chithunzi chinali chomwecho.

Wojambulayo anakamupeza m'khonde, pafupi ndi makina osindikizira.

"Msuweni wako wafanana nawe bwanji! Mpaka mpata wa m'mano."

Wojambula anayang'ana uku ndi uku. Sanakane. Sanapepese.

"Ndinakuuza kuti udule maluwa okha. Unatseguliranji?"

"Ukufunsa zimenezo? Wandipatsa ukwati wako kuti ndikudulire ndi manja angawa!"

"Tsitsa mawu, anthu akumva. Makolo akudziwa za uja, ndikanatani? Koma amene ndimamukonda ndiwe, Kalumo."

"Usanditchulenso dzina limenelo. Mwana wanga ndikamuuza chiyani?"

"Ana sachedwa kuiwala."

Kalumo anagwira khoma. Wojambula anayenda pang'ono, kenako anacheuka, akukanda m'mutu.

"Komabe, maluwa aja... umaliza lero?"

Kalumo anatembenuka. Anabwerera pampando. Kusiya ntchito sakanatha, mwana adya chiyani? Ndipo desiki ya wojambula inali moyang'anizana ndi yake. Mawa adzamuona. Mkuja adzamuonanso, mphete ili pachala.

Ataweruka anapita kukatenga mwana kusukulu ya mkaka. Mwanayo anathamanga, kachikwama kakudumphadumpha kumsana, koma sanamukumbatire. Anasuzumira kaye kumbuyo kwa amayi ake.

"Adadi sanabwere?"

Kalumo anagwada n'kuyamba kumumangira zingwe za nsapato, zomwe zinali zomanga kale.

"Amayi, abwera mawa eti?"

"Imirira bwino," anatero, nkhope ili pansi. "Sindinamalize."