Mitsue ndi Injini ya Agogo

Mitsue anali mtsikana wa kumudzi kwathu, kumapiri a Nagano. Iye anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kuti agogo ake aimvenso injini yawo ikulira.

Agogo akewo anali a Genzo. Makutu awo anali atagontha. Ukawapatsa moni, ankakuuza za mvula. Ukawafunsa za mvula, ankati adya kale. Ife ana tinkaseka. Mitsue sankaseka.

Injiniyo inkakhala m'kachisakasa, m'mbali mwa mtsinje. Inkapopa madzi opita m'minda ya mpunga. Inali yakuda. Inali yakale. Phokoso lake linali losati masewera. Mudzi wonse unkaimva. Agogo okha ndiwo sankaimva.

Mitsue ankaikonda nkhani ya injiniyo. Agogo ankaikamba mokweza, ngati akuitana munthu kutsidya.

Ali anyamata, agogo ankagwira ntchito ku fakitale ina ku Tokyo. Kumeneko ankapanga timagalimoto ta asilikali. Timagalimototo tinkakwera mapiri. Tinkadutsa m'matope. Tinkapita kumaiko ozizira kwambiri.

Injini zambiri zimamwa madzi kuti zisatenthe. Koma kozizirako madzi amaundana. Akaundana, injini imang'aluka. Ndiye amisiri a pafakitale anakhala pansi. Anajambula. Anafufuta. Anajambulanso. Pomaliza anapanga injini yosamwa madzi. Iyo inkangoziziritsidwa ndi mphepo. Inali ndi mitu iwiri, wakumanja ndi wakumanzere. Mitu yonse inali ndi zipsepse zachitsulo ngati nsomba.

Ntchito ya agogo inali yomvetsera. Anali ndi kamtengo kosalala. Nsonga imodzi ankaika pa injini. Nsonga inayo ankaika pakhutu. Injini ikalira bwino, ankati ipite. Ikatsokomola, ankati ibwerere.

Kenako nkhondo inatha. Anzawo ambiri sanabwerere kwawo. Agogo anapeza kagalimoto kamodzi katatayidwa, kopanda matayala. Anachotsamo injini. Anaikweza pa ngolo yokankha. Anafika nayo kumudzi mapazi atatupa.

"Asilikali wawanyamula, zakwana," anaiuza choncho. "Tsopano uzimwetsa mpunga."

Panapita nthawi kuchokera pamenepo. Koma m'mawa uliwonse agogo ankapitabe ku chisakasa. Ankaliza injini. Ankaika kamtengo pakhutu. Ankadikira. Kenako ankapukusa mutu. Zinali zomvetsa chisoni kuziona.

Mitsue anayesa kuthandiza. Anakuwa m'khutu mwa agogo, "Du, du, du!"

"Kudya? Ndadya kale," anatero agogo.

Mitsue anapinda nyuzipepala ngati lipenga. Analiika pakhutu pa agogo. Agogo anangoti likuwayabwa.

Tsiku lina agogo anamupatsa kamtengo kaja.

"Tenga, mdzukulu wanga. Ukasonkhezere moto wa madzi osamba. Ine kandithera ntchito."

Mitsue anakalandira ndi manja awiri. Mtima unamupweteka. Kumoto sanapite nako. Anakabisa m'thumba la zovala zake.

M'mawa mwake mayi ake anamutuma kukathira oilo mu injini. Agogo anali atailiza kale. Anali atakhala pamwala, akungoyang'ana madzi.

Mitsue anawerama. Kamtengo kanafuna kugwa m'thumba. Dzanja limodzi linali ndi botolo la oilo. Dzanja lina linali ndi kansanza. Nanga akanakagwira ndi chiyani? Anakaluma ndi mano, monga amachitira ndi pensulo kusukulu.

Anaweramanso. Nsonga ya kamtengo inagunda injini.

Du, du, du, du!

Mutu wonse unadzaza ndi kulira kwa injini. Mitsue anaika botolo pansi. Anatseka makutu ndi zala. Ankaimvabe. Anatseka kwambiri. Ankaimvabe. Phokoso silinkadzera m'makutu. Linkadzera m'mano.

Anathamangira kwa agogo. Anawakoka dzanja. Agogo anaona kamtengo.

"Iwe mwana, sunakawotche? Wosamva ndine kapena iwe?"

Mitsue analoza mano ake. Analoza kamtengo. Analoza injini.

"Ndikalume? Ndine galu ine?" anatero agogo. "Mano enieniwo angotsala owerengeka."

Mitsue anapitiriza kukoka. Mwana ameneyu anali ndi khama, ndikukuuzani. Agogo anadzuka akung'ung'udza. Anagwada pafupi ndi injini. Analuma kamtengo ndi mano a m'mbali. Mitsue anagwira nsonga inayo. Anaiika pamutu wakumanja wa injini.



Agogo anatsinzina.

Chala chawo chinayamba kugogoda pabondo. Du, du, du, du. Chinkayendera limodzi ndi injini.

Misozi inatsika m'masaya mwawo. Mitsue anachita mantha. Anafunsa ndi manja ngati mano akupweteka. Agogo anakana ndi mutu. Analoza mutu wakumanzere wa injini. Mitsue anasuntha kamtengo. Agogo anamvetsera nthawi yaitali.

Kenako anakachotsa m'kamwa. Anaisisita injini ija.

"Nawenso wakalamba, mnzanga," anatero. "Ukutsokomola kumanzereku. Wayamba liti? Osandiuza bwanji?"

Anatuma Mitsue kukatenga sipanala. Anazimitsa injini. Anamanga apa. Anamasula apo. Anailizanso. Analumanso kamtengo. Maso awo ankaseka.

Dzuwa litakwera, mayi anafika ndi mibulu ya mpunga ndi tiyi. Anapeza awiriwo atagwada pa injini, manja ali bii. Anaika chakudya pamwala. Anawagwira agogo paphewa.

"Bambo, idyani."

Agogo anachotsa kamtengo pang'ono.

"Ndadya kale," anatero.

Ulendo uno anali ataona bwino zomwe mayi akunena. Ndipo sanali atadya kanthu. Kungoti pakamwa panali pa ntchito.