Njoka ya Mwezi wa Juni

Jemima ankaanula zovala madzulo pamene anamva fungo lija koyamba, fungo ngati la nsomba yogona m'poto. Pansi pa chingwe, m'fumbi, munali mzere wokhotakhota, waukulu ngati mkono wa munthu, wolowera kumpanda wa udzu.

Aliyense ku Chinsapo amadziwa nyengo ya njoka. Zimatuluka dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, ndipo zimachuluka mvula yoyamba ikagwa, achule ndi ngumbi zili ponseponse. Munthu akalumidwa nthawi imeneyo, anthu amati ndi ngozi. Koma uwu unali Juni wa 1996, mphepo yake yong'amba milomo, nyengo imene njoka imabisala m'chulu osafuna n'kusuntha komwe.

Sabata isanathe, mwana wake woyamba, Mayankho, analowa m'bafa kukasamba dzuwa lili pamutu. Anakuwa kamodzi kokha. Pofika naye kuchipatala anali atatsirizika, timabala tiwiri pamwendo.

Pamaliro azimayi ankanong'onezana.

"Njoka mu Juni?"

"Yotumidwa imeneyo, asisi."

"Mwini wake ndani?"

"Tsitsani mawu, inu."

Jemima sanalire kwambiri. Mkwiyo ndi umene unamudzaza mumtima. Dzina la mwini njokayo analibweretsa ndi mwamuna wake, Medson, dalaivala amene chaka chomwecho anali atapeza minibasi yakeyake. Anati mfitiyo ndi a Mwamadi, bambo wachikulire wokhoma zidebe kuseri kwa nyumba yawo, amene pakhomo pawo panali milu ya malata akale.

Kunena zoona, palibe amene anaonapo njoka kwa a Mwamadi. Koma Loweruka anthu anawazungulira, ndipo mwala woyamba anaponya Jemima.

"Mwana wanga, ndakulakwira chiyani ine?" anafunsa a Mwamadi, magazi akutsika pachipumi.

"Musanditchule mwana wanu! Wanga mwandidyera, mukufunanso chiyani?"

Tsiku lomwelo bamboyo anakwera basi yakwawo ku Mangochi, nyundo ndi zidebe zonse atazisiya.

Fungo silinachoke. M'mawa uliwonse Jemima akasesa, mzere uja ankaupezanso, tsiku lililonse ukuyandikira khomo. Anaotcha matayala, anathira palafini m'mbali mwa mpanda, osathandiza. Akauza Medson, iye ankangoti, "Ndi maganizo, mayi a Mayankho. Mfiti tinaithamangitsa."

Tsiku lina mu Julaye, nyemba zikuwira pambaula, Jemima anamva udzu wa mpanda ukuchita tswatswa popanda mphepo. Mwana amene anamutsalira, Elube, ankasewera pamkeka. Njokayo inatuluka, yakuda, mutu uli m'mwamba. Inadutsa anapiye amene ankatola madeya osawacheukira n'komwe. Inalunjika pamkeka.

Jemima sanafunefune nsanza. Ananyamula poto ndi manja ake n'kukhuthulira nyemba zonse pamsana pa chinthucho.

"Galu iwe! Sunakhute?"

Pambuyo pake anthu anakometsera nkhani, ati njokayo inalira ngati munthu. Jemima anangomva kufwenthera basi. Inadzipinda, inadzimenyetsa pansi, n'kulowa mumpanda.

Medson anabwera dzuwa lisanalowe, zimene sankachita. Ankayenda chowerama, nkhope ili thukuta lokhalokha pakuzizira konse kuja.

"Lediyeta ya minibasi yaphulika," anatero. "Yandiotcha."

"Kumsana? Munaifulatira?"

"Usandifunse zopusa! Ndivule malayawa."

Manja a Jemima anali matuza okhaokha, komabe anamuvula. Malayawo anali ouma, osanyowa ngakhale pang'ono. Koma msana unali utasupuka kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno, ndipo pakati pa mapewa, pabala penipeni, panamatira khungu la nyemba.

Jemima anangoima. Anakumbukira magazi pachipumi pa a Mwamadi. Anakumbukira mmene mwamunayu analirira pamanda a Mayankho mpaka amuna anzake kumugwira.

"Elube ali kuti?" anafunsa Medson, atagona chafufumimba, osatembenuka. "Bwera naye kuno ndimuone."

Pangodya panali mpini wa khasu. Jemima anauyang'ana nthawi yaitali, mano ali gwa. Kenako anamva Elube akutsokomola panja.

"Ndikatunge kaye madzi ozizira, bambo," anatero.

Anabereka mwanayo, nsalu n'kumanga ndi mano chifukwa zala zinkakana. Sanatenge chovala ngakhale chimodzi. Kumsewu anapeza minibasi ija itaima pamalo ake a masiku onse. Anagwira kutsogolo kwake: kunali kozizira. Anasuzumira pansi: fumbi louma, popanda ngakhale dontho.

Anauyamba ulendo wa kudepoti wapansi, akuyenda pakati penipeni pa msewu, kutali ndi udzu. Magalimoto ankamuimbira hutala, madalaivala akumutukwana, koma iye sanapatuke.