Madzi a Abusa

Dzuwa likamalowa kukomboni ya Kanyama, Felistus ankatenga chopopera chake, chija alimi amapopera nacho ndiwo kudimba, n'kuthiramo madzi a abusa. Ankayamba pakhomo, kenako m'mazenera, n'kumalizira pankhope ya mwamuna wake, Whyson.

"Tsekani menso, ba Whyson."

"Yanunkha monga ngalande, aya manzi."

"Ni mphamvu iyo. Pumani maningi, yangene mukati."

Chaka chimenecho chinali cha mavuto. Magetsi ankabwera ngati mlendo, mipopi inkangotulutsa mpweya, ndipo fakitale imene Whyson ankagwirako ntchito inali itatsekedwa. Kenako kunabwera chifuwa. Chinayamba ndi a Isaiah, mkulu wa mpingo. Thupi linatentha, mpweya unkalira m'chifuwa, ndipo asanamwalire ankacheza ndi anthu amene anafa kalekale. Anatsatira a Petronella a kwaya, kenako ena awiri. Onsewo ankakhala kutsogolo m'tchalitchi, pamene abusa ankapopera kwambiri. Anthu anati nkhani yake njoonekeratu: mfiti zikuthyola kaye olimba m'pemphero.

Madziwo ankachokera m'thanki yakuda ya kuseri kwa tchalitchi. Inkakhala padzuwa tsiku lonse, madzi ake ofunda ngati tiyi woiwalika. Siinkatsukidwa, siinkakhutulidwa, ankangowonjezera pamwamba. Abusa ankati mapemphero a zaka zonse ali pansi pake, ndipo wotaya madziwo wataya kudzoza. Kukayamba kuzizira madzulo, thankiyo inkabuula, phu, phu, ngati munthu wotsekeredwa. Amayi opita kumsika ankafulumira podutsa. Ankati ndi mizimu yomangidwa ikulira.

Whyson atayamba kutsokomola, Felistus anasweka mtima. Anali mwamuna wofatsa, woti ngakhale wopanda ntchito ankadzuka m'mawa kukaima pamzere wa madzi kuti mkazi wake agoneko. Felistus analumbira kuti uyu yekha mfiti sizimudya.

M'nyumbamo munkakhalanso mayi ake a Felistus, a Dyness. Iwo chopopera sankachifuna. Chikangolira, ankafunda chitenje kumutu n'kutuluka panja. Ndipo sankatsokomola. Pakomboni mphekesera siifuna thiransipoti, moti Lamulungu lisanafike aliyense ankadziwa kuti pali nkhalamba yothawa madzi oyera.

Anthu anabwera masanasana, miyala ili m'manja. Mwala woyamba unagwa padenga, wachiwiri unaswa zenera. M'kati Whyson ankabanika. Felistus anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana mayi ake, n'kuyamba kumanga zovala za mayi akewo m'chitenje ndi manja ake.

"Naiwe, mwana wanga?"

"Yendani chabe, amai. Ngati simuli imwe, Mulungu aziba."

A Dyness anatuluka osalira. Anakwera minibasi, osanena kumene akupita.

Koma chifuwa sichinapite nawo. Felistus anawonjezera kupopera: pabedi, pabulangete, pakamwa penipeni pa wodwalayo, mpaka chipinda chonse chinkachita nkhungu yonunkha. Whyson atayamba kuitana bambo ake amene anamwalira kale, anansi anamunyamula pawilibala kupita kuchipatala.

Dokotala, mayi wotopa, wa maso ofiira, anaitanira Felistus pakhonde.

"Mu mapapo mwao muli tuzilombo twamene tukula mu manzi yofunda, yosayenda. Situngena pakumwa. Tungena munthu akapuma manzi yamene yauluka monga nkhungu. Muli na shawa kunyumba?"

"Iyai, ba dokota."

"Ba mumpingo mwanu ambili bafika kuno na matenda yamene aya. Mupuma manzi yabwanji kuja?"

Felistus anakhala pansi pasimenti pomwepo. Mfiti imene ankaisaka chaka chonse ankaitunga yekha m'chigubu, n'kuinyamula pamutu, akuimba nyimbo. Dokotala ananena kuti achita zonse zotheka, koma abwera mochedwa.

Atalowa m'wodi, Whyson anatsegula maso. Kwa kanthawi nzeru zinali zitabwerera. Anagwira dzanja la mkazi wake n'kumwetulira.

"Wanisunga, Feli. Sembe siiwe, sembe mfiti zanidya kale." Anapuma movutika. "Wabwela nayo manzi? Nipopeleko pang'ono chabe, nigone."

"Yasila, ba Whyson. Chigubu chauma."

"Basi mailo, kukacha."

"Mailo," anatero Felistus, misozi ikugwera pabulangete.

Whyson anatseka maso yekha, monga ankachitira madzulo aliwonse, n'kudikira. Sanawatsegulenso.